Mamyuziyamu 11 m'masiku anayi: tilowe ati, tisiye ati?

Funso: Ine ndi mayi akunyumba tikupita ku London kumapeto kwa Okutobala, ku mwambo wa mwana wathu amene watsiriza maphunziro. Mwambowo ukatha tidzakhala ndi Loweruka, Lamlungu ndi Lolemba, ndipo Lachiwiri mwanayo akufuna kutitengera ku Paris pa sitima, kupita m'mawa n'kubwerako usiku. Watitumizira mndandanda wa mamyuziyamu 11: British Museum, National Gallery, Tate Modern, Victoria and Albert Museum, Natural History Museum, Science Museum, Imperial War Museum, Churchill War Rooms, National Maritime Museum, Madame Tussauds, ndi Louvre ya ku Paris. Ine ndinali mphunzitsi wa mbiri yakale mpaka ndinapuma pa ntchito. Amayi ndi telala, koma mawondo amawavuta. Tiyambire pati, ndipo tingamalize onsewa?

Yankho: Bambo, ndikukondwera nanu limodzi pa za mwanayo, mwalera ndithu. Funso lanu lomaliza ndilo losavuta, ndiye ndiyambe nalo: onse 11 simungamalize. Kulowa pakhomo lililonse, kujambulitsa n'kutuluka, zimenezo mwina zingatheke, koma pobwerera mudzangokumbukira masitepe ndi misana ya anthu. Ndaperekeza alendo m'nyumba zoterezi kwa zaka zambiri, ndipo amene amandimvetsa chisoni ndi uja amafika pa chinthu chimene wakhala akuchilakalaka moyo wake wonse nthawi ili 4 koloko madzulo, mapazi atatupa, maso atalema, n'kungochiyang'ana ngati akuyang'ana khoma. Paja pusi anagwa chagada ndi ichi chakoma, ichi chakoma.

Inenso zinandionekerapo. Ulendo wanga woyamba mumzinda waukulu ndinalowa mamyuziyamu anayi tsiku limodzi, ndikadali ndi mphamvu zanga zonse. Lero mutandifunsa za tsikulo, chimene ndingakufotokozereni bwinobwino ndi benchi ina yakuda pamene ndinakhala n'kuvula nsapato mobisa. Kutopa kumeneku ogwira ntchitoyi anakudziwa kalekale. Mu 1916 Benjamin Ives Gilman wa ku Museum of Fine Arts ya ku Boston analemba nkhani yake, ndipo anajambula munthu akuwerama, akugwada, akusolola khosi pofuna kuwerenga timawu ta pambali pa zinthu. Kuyenda pang'ono, kuima, kuyendanso pang'ono kumathyola msana kuposa kuyenda ndawala mtunda wautali. Mutu nawo umakhuta. Pakatha maola awiri, kapena atatu kwa olimba, zonse zimayamba kuoneka zofanana.

Tawerengerani nokha. Louvre imaonetsa zinthu pafupifupi 35,000. Mutati muime masekondi 30 okha pa chilichonse, pangafunike maola oposa 290, omwe ndi masiku 36 a ntchito ya maola 8, osadya, osakhala pansi. British Museum imasunga zinthu pafupifupi 8 miliyoni. Zimene zili poonekera ndi chimodzi pa 100 zilizonse, komabe zimenezo ndi 80,000. Nyumba zotere palibe amene amazimaliza, ngakhale ife amene timalowamo kawirikawiri.

Ndiye njira imene ndimapatsa aliyense wopita ku likulu la dziko lililonse, kaya ndi London, Cairo kapena Washington, ndi iyi. Ikani kaye pambali mayina a nyumbazo. Khalani pansi ndi amayi, aliyense atchule zinthu zitatu kapena zinayi zimene akufuna kuziona ndi maso ake asanabwerere. Inu mwina ndi mwala uja munkaufotokoza pa bolodi chaka ndi chaka osauonapo. Amayi mwina akufuna kuona mmene anthu a zaka 500 zapitazo ankalukira ulusi. Zinthuzo n'zimene zidzakuuzeni khomo loti mulowe, ndi chipinda choti mulunjike mukalowa. Mndandanda wa mwana wanu si woipa ayi, kungoti ndi wa malo otchuka a mzindawo, umene akanatumizira mlendo aliyense. Wa inu awiri sunalembedwe.

Ku London kuli chinthu chimodzi chokuchepetserani mtolo: kuyambira mu Disembala 2001 mamyuziyamu akuluakulu a boma ndi olowa ulere, mumangolipira zionetsero zapadera. Pa mndandanda wanu, olipira pakhomo ndi Churchill War Rooms, Madame Tussauds ndi Louvre basi. Phindu lake si la m'thumba lokha. Munthu akagula tikiti yodula amadzikakamiza kukhalamo mpaka ndalama yake ikwane, miyendo ikulira. Mukalowa ulere mulibe ngongole imeneyo: mutha kuona zinthu zitatu kwa mphindi 40 n'kutuluka mtima uli mbee. Komabe tengeranitu pa intaneti matikiti aulere a nthawi yolowera, chifukwa amene alibe ndi amene amaima pa mzere wautali panja.

Tsopano tifufute. Madame Tussauds ichoke yoyamba. Muli ziboliboli za phula za anthu otchuka, achinyamata amasangalala kujambulitsa nazo, koma nthambi zake zilinso ku Amsterdam, New York, Hong Kong ndi kwina, ndipo sichikuphunzitsani kanthu za London. Science Museum ndi yabwino kwambiri, koma kumapeto kwa Okutobala sukulu zambiri za ku England zimapumira sabata imodzi, ndipo ana onsewo amathera kumeneko. Phokoso lake mukulidziwa, munali mphunzitsi. Tate Modern, imene inatsegulidwa mu 2000 m'nyumba yakale yopangira magetsi m'mbali mwa mtsinje wa Thames, ndi ya zaluso zamakono, kuyambira cha m'ma 1900 kufika lero. Holo yake yaikulu, mmene munali makina, imadabwitsa payokha. Koma m'funso lanu sindinamve kuti wina mwa inu amakoka mtima ndi zoterezo, choncho ikhale ya mwana wanu ndi anzake.

National Maritime Museum ya ku Greenwich ndikuichotsa mtima ukuwawa. Muli jekete limene Nelson, mkulu wa asilikali apamadzi a Britain, anavala pa nkhondo ya Trafalgar mu 1805, bowo la chipolopolo likuoneka paphewa. Pamwamba pa phiri lake pali Royal Observatory ya mu 1675, pamene pamadutsa mzere umene mayiko anagwirizana mu 1884 kuti poyambira kuyeza kum'mawa ndi kumadzulo pakhale pamenepo, komanso mawotchi a John Harrison amene anathandiza amalinyero kudziwa pamene ali panyanja. Kwa mphunzitsi ngati inu ndi chuma. Koma Greenwich ili patali ndi malo enawa, imadya pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo chitunda chake si cha mawondo a amayi. Ikhale chifukwa chodzabwereranso.

Loweruka m'mawa ndi la British Museum, ndipo mukhale pakhomo 10 koloko isanakwane. Nyumbayi inakhazikitsidwa mu 1753 pa katundu amene anasonkhanitsa dokotala wina, Hans Sloane, ndipo inatsegulidwa mu 1759. Gawo la chuma cha Sloane linachokera m'minda ya nzimbe ya ku Jamaica imene ankalima akapolo. Sungani zimenezi m'mutu pamene mukulowa, chifukwa funso lakuti "chinthu ichi chinafika bwanji muno" lidzakutsatani chipinda ndi chipinda. Mukalowa m'bwalo lalikulu la denga la galasi, musatengeke ndi sitolo za zikumbutso. Lunjikani kumanzere, ku chipinda 4.

Mwala wa Rosetta uli pomwepo. Asilikali a France anaupeza ku Egypt mu 1799, unagwa m'manja mwa Angelezi atagonjetsa Afalansawo, ndipo wakhala m'nyumbayi kuyambira mu 1802. Mawu ake enieni si a patali: ndi chilengezo cha ansembe cha m'chaka cha 196 Khristu asanabadwe, chotamanda mfumu Ptolemy V. Kufunika kwake n'kwakuti uthenga umodzi womwewo unalembedwa katatu, m'zilembo za zithunzi za ansembe, m'zilembo za tsiku ndi tsiku za ku Egypt, ndi m'Chigiriki chimene akatswiri ankachidziwa kale. Pogwiritsa ntchito mayina a mafumu ngati poyambira, katswiri wa ku France Champollion anamasula zilembo za zithunzizo mu 1822, ndipo mbiri ya zaka masauzande imene inali duu inayamba kulankhula. Pofika 11 koloko mwalawu umakhala utazingidwa ndi mafoni. Mukaupeza choncho musalimbane ndi anthu. M'chipinda 1 muli wina wofanana nawo ndendende, wochita kuumba, umene amalola kuugwira, ndipo mutha kulondola mizere yake ndi chala mosathamangitsidwa.

Pafupi pomwepo, m'chipinda 10, muli zosema za pakhoma zochokera ku nyumba yachifumu ya Ashurbanipal ku Nineveh, za cha m'ma 640 Khristu asanabadwe, zoonetsa mfumu ikusaka mikango. Anthu ambiri amangodutsa. Inu muime, mufunefune mkango waukazi umene mivi yaulasa pamsana, ukudzikoka ndi miyendo yakutsogolo, yakumbuyo itafa kale. Amene anausema anatumidwa kutamanda mfumu, koma dzanja lake linamvera chisoni nyama. Kwa ine chimenechi ndi chinthu chokhudza mtima kuposa zonse m'nyumbayi. Mukachoka apo muli pafupi ndi chipinda 18, cha ziboliboli za ku Parthenon, kachisi wakale wa ku Greece, zimene Lord Elgin anayamba kuchotsa ku Athens mu 1801, boma la Britain n'kuzigula mu 1816. Dziko la Greece likuzifunabe, ndipo Acropolis Museum imene linatsegula mu 2009 inasiya malo ake. Kumtunda, m'chipinda 52, kuli kachidutswa ka dongo kooneka ngati kamgolo, kolembedwa mfumu Cyrus ya ku Persia italanda Babylon mu 539 Khristu asanabadwe. N'kakang'ono, kosafika ndi mkono womwe, ambiri amadabwa. Kwerani pa chikepe, masitepe ake ndi ambiri.

Koma musatuluke musanatsikire m'chipinda 25, cha zinthu za mu Africa. Chili pansi, ndipo alendo othamanga sachipeza n'komwe. Muli zosula za mkuwa za ku Benin, ufumu wakale umene mzinda wake uli ku Nigeria wa lero. Zinkakongoletsa nsanamira za nyumba ya mfumu, Oba, ndipo zimaonetsa akuluakulu a bwalo, asilikali, ngakhale amalonda a ku Portugal ndi zipewa zawo. Mu 1897 asilikali a Britain anaukira mzindawo, n'kutenga zinthu masauzande, zimene zinamwazikana m'mamyuziyamu a ku Europe ndi America. British Museum yokha ili ndi zoposa 900. Mu 2022 dziko la Germany linabweza umwini wa zoposa 1,000 kwa Nigeria, ndipo chaka chomwecho Horniman Museum, ya mu London momwemo, inachitanso chimodzimodzi ndi zinthu 72. British Museum imati lamulo la mu 1963 limailetsa kupereka katundu wake. Maganizo anga ndi akuti lamulo limene anthu anapanga anthu angathenso kulisintha, koma inu mukaime patsogolo pake, muwerenge zimene alemba pambali, muone zimene atchula ndi zimene azilambalala. Mphunzitsi wa mbiri sasowa chochita pamenepo.

M'chipinda chomwecho amayi ali ndi gawo lawo. Muli nsalu zoluka ndi zodinda za m'madera osiyanasiyana, komanso chinsalu chachikulu cha El Anatsui wa ku Ghana, chimene ukayandikira umapeza kuti si ulusi koma tizitsulo ta pakamwa pa mabotolo tolumikizidwa ndi waya. Mulinso mtengo wautali kuposa mamita atatu, wopangidwa ndi mfuti zoduladula. Anaupanga ndi amisiri anayi a ku Mozambique, ndi zida zimene anthu anapereka nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1992, posinthanitsa ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Auzeni amayi zimenezi ali pomwepo. Ikamakwana 1 koloko tulukani, ngakhale mtima ukukana.

Madzulo a tsikulo, ngati miyendo ikulola, pali kanyumba kamene sikali pa mndandanda wanu koma ndikukaikapo: Sir John Soane's Museum, ku Lincoln's Inn Fields, mtunda wa mphindi 10 kapena 15 wapansi. Soane anali katswiri wojambula mapulani a nyumba, ndipo mu 1833 anapeza lamulo la nyumba ya malamulo loti akadzamwalira nyumba yake idzasiyidwe mmene ilili. Anamwalira mu 1837, ndipo zili chomwecho. Makoma a chipinda china amatseguka ngati zitseko za kabati, kuseri kuli zithunzi zina. Pansi pali bokosi la maliro la mwala la Seti I, mfumu ya ku Egypt, limene iye anagula mu 1824 pa mapaundi 2,000 British Museum italikana. Ndimakonda kuphatikiza nyumba yaikulu ndi yaing'ono tsiku limodzi, chifukwa yaing'ono umaimaliza, umatuluka ukudziwa kuti waona munthu mmodzi ndi zokonda zake. Imatseka Lolemba ndi Lachiwiri, n'chifukwa chake ndaiika Loweruka. Tinjira take ndi topanikiza ndipo masitepe ndi ambiri, choncho amayi akhoza kukhala m'paki ya patsogolo pake ndi mwana wawo.

Lamlungu musankhe imodzi pakati pa Churchill War Rooms ndi Imperial War Museum. Zonse ziwiri zingakulemereni. Kusiyana kwake n'kofunika pa likulu lililonse limene mungadzapiteko. Pali myuziyamu yosonkhanitsa zinthu kuchokera kutali, ndiye pali malo amene nkhaniyo inachitikira penipeni. War Rooms ndi ya mtundu wachiwiriwu: zipinda za pansi pa nyumba ya boma pafupi ndi Whitehall, mmene Churchill, nduna yaikulu ya Britain, ndi nduna zake anakumana ka 115 pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Chipinda cha mapu anachizimitsa magetsi mu Ogasiti 1945 n'kuchisiya choncho, mafoni ali patebulo, mapu ali ndi timabowo ta mapini osonyeza kumene kunali sitima zapamadzi. Pali kachipinda kamene antchito ankauzidwa kuti ndi chimbudzi cha nduna yaikulu, pamene munali foni yolankhulira ndi pulezidenti wa America. Anthu anayamba kuloledwa kulowamo mu 1984. Matikiti ake amatha, muguliretu.

Imperial War Museum, kutsidya kwa mtsinje ku Lambeth, ndi yaikulu ndipo imafotokoza nkhondo ziwiri zija ngati nkhondo za dziko lonse, osati za Europe yokha. Ilinso ndi zipinda za kuphedwa kwa Ayuda, zimene anazikonzanso mu 2021. Ngati mungasankhe imeneyi, musaikenso china chilichonse tsiku limenelo, ndipo isakhale ya m'mawa wa tsiku la phwando la banja. Munthu satuluka mmenemo n'kupita kukaseka. Poti ulendo wanu ndi wa chikondwerero, ndipo nkhondozo munaziphunzitsa kale kuchokera m'mabuku, ine ndingakutumizeni ku War Rooms, kumene buku silingakufikitseni.

Kuchokera ku War Rooms, mukayenda mu Whitehall mphindi 15, mwafika pa Trafalgar Square, pakhomo la National Gallery. Iyi inayamba mu 1824 ndipo ili ndi zithunzi zojambula pamanja zoposa 2,300. Ipatseni ola limodzi, zithunzi zinayi kapena zisanu. Amayi akaone chithunzi cha banja la Arnolfini chimene Jan van Eyck anajambula mu 1434. Si chachikulu, masentimita 82 m'litali, koma diresi lobiriwira la mkaziyo likuoneka kulemera kwake, mapindo ake, ubweya wa m'mphepete, mpaka telala angathe kunena mmene linadulidwira. Inu mukaone cha akazembe awiri cha Holbein cha mu 1533. Pansi pake pali chinthu chosamveka chopendekeka, chimene mukaima chakumanja kwenikweni n'kuchiyang'ana cham'mbali chimasanduka chigaza cha munthu. Ofufuza ena ku Metropolitan Museum of Art ya ku New York anapeza mu 2001 kuti anthu amaima pa chithunzi chotchuka masekondi 27 okha. Inu khalani pa benchi mphindi zisanu pa chimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lolemba ndi tsiku la amayi, ndipo inu mudzangonyamula chikwama. Victoria and Albert Museum, imene aliyense amangoti V&A, inayamba mu 1852 pambuyo pa chionetsero chachikulu cha mu 1851, ndipo cholinga chake chinali choti amisiri, osoka, oumba ndi osula azibwera kudzaphunzira pa ntchito za anzawo. Kunena kwina, anamangira anthu ngati mayi akunyumba kwanu. Ayambe ndi kapeti ya Ardabil ya ku Iran, yolembedwa chaka chake pomwepo, 1539 mpaka 1540. Ndi yaitali mamita 10 ndi theka, m'lifupi yoposa mamita 5, ndipo pa kachigawo ka masentimita 10 mbali zonse pali mfundo pafupifupi 5,300, iliyonse yomangidwa ndi chala. Kuwala kumawononga utoto wa ulusi, ndiye amaiyatsira magetsi mphindi 10 zokha ola likakwana ndi pa theka la ola. Mukaipeza ili mumdima musapitirire. Khalani pa mpando mudikire. Magetsi akayaka anthu amangoti kakasi.

Chachiwiri ndi chipinda cha zojambula zisanu ndi ziwiri za Raphael za mu 1515 ndi 1516. Ambiri amaziona ngati zithunzi wamba zikuluzikulu, koma ndi mapatani: anazijambula pa mapepala kuti oluka a ku Brussels atsatire popanga nsalu zopachika m'tchalitchi cha Sistine ku Rome. Oluka ankagwira ntchito chakumbuyo kwa nsalu, choncho chimene chili kumanja pa pepala chinatuluka kumanzere pa nsalu. Zimenezi telala adzazimva msanga kuposa inu ndi ine. Kenako zipinda za ku India, kumene kuli nsalu za thonje zopyapyala ndi zopeta, komanso kambuku wa thabwa wa mfumu Tipu Sultan akudya msilikali wachizungu, mkati mwake muli kalimba. Anatengedwa mu 1799 mwini wake ataphedwa. Za chipinda cha zovala, funsani pa desiki la alendo kuti zovala zikuonetsedwa kuti tsikulo, chifukwa nsalu sazisiya poyera nthawi yaitali.

Natural History Museum ili kutsidya kwa msewu womwewo, Exhibition Road. Ngati mzere wa ana suli wautali, lowani mphindi 20 muone mafupa a namgumi wa mamita 25 amene anapachikidwa kudenga la holo yaikulu mu 2017, ndi nyumbayo imene ili ndi tinyama toumbidwa m'makoma. Mukaona zimenezo bwererani kukapuma. Sitima ya mawa ndi yolawirira.

Za mawondo ndinenepo pang'ono, poti ndi zimene zidzalamulire ulendo wonse. Mamyuziyamu akuluakuluwa amabwereketsa ulere mipando ya matayala, makamaka mukapemphiratu. Amayi mwina adzakana, adzati sanafike pamenepo. Auzeni kuti n'kusungira mawondo tsiku la Paris. Masiteshoni ambiri a sitima zapansi panthaka ali ndi masitepe, kuphatikizapo South Kensington imene ili pafupi ndi V&A, pamene mabasi a mu London ndi otsika pakhomo. Mabasiwo salandira ndalama m'manja, amafuna khadi. Zikwama zikuluzikulu za matayala ku British Museum salola. Ndipo Lamlungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa ola limodzi, kotero kuti kuyambira pamenepo 5 koloko imakwana kutada kale. Zofunika zichitike m'mawa.

Chinanso, musakhulupirire buku la alendo la zaka zisanu zapitazo, kapena mnzanu amene anapitako kale. Nyumbazi zimatseka, zinthu zimasamuka. Museum of London inatseka pamalo ake akale mu Disembala 2022 kuti isamukire ku Smithfield. Pergamon ya ku Berlin inatsekedwa yonse mu Okutobala 2023 kuti ikonzedwe, Centre Pompidou ya ku Paris mu 2025. Ku Cairo, mitembo 22 ya mafumu inachoka ku myuziyamu yakale ya pa Tahrir mu Epulo 2021 kupita ku ina ya ku Fustat, ndipo chuma cha Tutankhamun chili ku Grand Egyptian Museum pafupi ndi Giza. Ngakhale m'nyumba yotsegula, chipinda chimodzi chitha kutsekedwa tsikulo, kapena chithunzi n'kukhala chitabwerekedwa kwina. Mwana wanu aone pa webusaiti ya myuziyamu iliyonse usiku woti mawa mukupita, ndipo afufuze dzina la chinthucho, osati nthawi yotsegulira yokha.

Izi zikutifikitsa ku Paris, kumene mndandanda wa mwana wanu wapunthwa: Louvre satsegula Lachiwiri. Mukanafika pa piramidi ya galasi ija n'kupeza zitseko zotseka. Musanafike n'komwe kumeneko, onetsetsani za viza, chifukwa ya Britain sikulowetsani mu France. Ngati pasipoti yanu imafuna viza ya Schengen, yolowera ku France ndi mayiko ena ambiri a ku Europe, imeneyo ndi yofunsira payokha, nthawi ikadalipo. Sitima ya Eurostar imayenda maola awiri ndi mphindi 20 kapena kuchepera pang'ono kuchokera pa St Pancras kufika pa Gare du Nord, mapasipoti amaonedwa musanakwere ndiye mumafika pa siteshoni ola limodzi kapena kuposerapo isananyamuke, ndipo nthawi ya ku Paris ili patsogolo ndi ola limodzi. Mukachotsera zonsezi, tsiku lanu ndi la myuziyamu imodzi, chakudya, ndi kuyenda pang'ono m'mbali mwa mtsinje.

Mungathe kusinthanitsa masiku, Paris n'kukhala Lolemba, V&A Lachiwiri. Mukatero Louvre mudzaipeza yotsegula, ndipo mungakaone mwala wa malamulo a Hammurabi, mfumu ya ku Babylon, wautali mamita awiri ndi kanthu, wa cha m'ma 1750 Khristu asanabadwe, umene unafukulidwa ku Susa mu 1901. Ngati mwala umenewo uli pa zinthu zanu zitatu zija, sinthani, musandifunsenso. Koma ngati mukufuna Louvre chifukwa choti ndi Louvre, ndikuti lisiyeni Lachiwiri mmene lilili. Zakale za ku Egypt, Assyria ndi Greece mudzakhala mutazikhuta Loweruka, makonde a Louvre ndi aatali mosayenera mawondo odwala, ndipo Mona Lisa ndi kachithunzi ka masentimita 77 kamene mumakaona kuseri kwa galasi, pamwamba pa mitu ya anthu mazana.

Lachiwiri Musée d'Orsay imakhala yotsegula. Iyo imatseka Lolemba. Inali siteshoni ya sitima yomangidwa mu 1900, inasanduka myuziyamu mu 1986, ndipo imasunga zaluso za zaka za 1848 mpaka 1914 zokha, choncho mutu sumwazika. Pansi pali chithunzi cha Millet cha mu 1857, akazi atatu akukunkha tirigu m'munda wa mwini chuma, misana itapindika, milu ya zokolola ikuoneka kutali kumbuyo kwawo. Mukachiona, kwerani chikepe mpaka pa nsanjika yachisanu, kwa Monet, Renoir ndi Degas. Amayi akafunefune chithunzi cha Degas cha akazi awiri akusita zovala: wina watsamira pa simbi ndi manja onse awiri, mnzake akuyasamula atagwira botolo. Pa nsanjika yomweyo pali wotchi yaikulu ya siteshoni, ya galasi, imene mumaima kuseri kwa manambala ake n'kumaona kunja. Mtsinje wa Seine uli pansi panu, tchalitchi choyera cha Sacré-Cœur chili pa phiri chapatali, ndipo tsidya linalo, chakumanja, mudzaiona Louvre yonse mmene yatalikira, ili chitsekere.